Kulembera Anthu a Kuseri kwa Galasi

6 Febuluwale

Amayi ndi Bambo okondedwa,

Landirani moni wanga. Kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko. Amayi, bondo lija likuti bwanji? Nanga makutu? Sabata yatha pa foni ndinakuwa mpaka mnzanga wa chipinda chinacho anadzagogoda kufunsa ngati ndikumenyana ndi munthu, inu n'kumangoti "eya, eya" pa nkhani zosafuna eya. Tiyeni tibwerere ku makalata. A Hutala akuti lole yawo imafika kuno Lachiwiri lililonse, ndiye muziwapatsira iwowo.

Koma ndili ndi dandaulo. Bambo, ino ndi miyezi itatu osandilembera. Chichokereni pakhomo sunathepo mwezi wopanda envelopu yanu, ya zilembo zowongoka zija moti alonda a pa geti ankayamba aionerera kaye asanandipatse. Ngati mwakwiya chifukwa sindinabwere pa tchuthi, ingonenani, ndipepese. Inandigwira ndi ntchito, ndipo ndikufuna muimve ntchitoyo.

Mukuwadziwa makina aja ojambula m'mutu, amene munthu amalowetsedwamo chogona ngati buledi mu uvuni. M'menemo muli maginito amphamvu moti kachitsulo kalikonse, ngakhale phini wa m'tsitsi, kamauluka. Madokotala akhala akufuna kuona ubongo wa munthu pa nthawi imene akulemba, koma thabuleti yolembapo yogula m'sitolo singalowe m'menemo. Ndiye ife atatu, m'kachipinda kathu kopanda zenera kuseri kwa khitchini ya chipatala, tapanga yathu. Ndi ya pulasitiki, cholembera chakenso n'cha pulasitiki. Wodwala amaiika pamimba n'kumalemba, ndipo zimene akulembazo amazionera pa kagalasi kamene kali pamwamba pa maso ake. Malo a ubongo amene akugwira ntchito amawala pa kompyuta.

Imagwiranso ntchito pa opaleshoni. Musadabwe, ubongo wenweniwo sumva kuwawa, choncho wodwala amatha kukhala maso, mutu uli wotsegula, iye akulemba. Dokotala amakhudza malo ndi kamagetsi kochepa. Dzanja likangoima, amadziwa kuti pamenepo sayenera kudula. Mu Disembala tinachita zimenezi pa mphunzitsi wina, ndipo lero wabwerera pa bolodi.

Bambo, inu mumati ndinathawa ntchito ya zilembo. Onani, ndangoilowera khomo la kuseri. Ndilembereni, ngakhale mizere iwiri.

Ndine mwana wanu,
Kawaya


19 Febuluwale

Kawaya mwana wanga,

Moni wako tamulandira. Bondo lidakali bondo, makutu adapita kalekale, usamawafunse ngati alendo oti abwera mawa. Iwe ukumadya? A Hutala akuti wawonda, wafanana nalo dzina lija anakupatsa bambo ako utaphwasula wailesi yawo.

Kalata yako bambo ako aiwerenga katatu, n'kuipinda, n'kuiika m'thumba la malaya, n'kutuluka. Andiletsa kukuuza zimene ndikulembazi, koma ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati ndi malamulo ake. Sanakwiye ayi. Dzanja lawo lamanja layamba zachilendo.

Zinayamba mu Novembala. Ankalemba chikwangwani cha wometa tsitsi wa pakona uja, bulashi n'kugwa yokha. Anaitola, inagwanso. Chikwangwanicho chinatuluka ndi zilembo zotsamirana ngati anthu ochokera ku mowa. Anachipakanso penti yoyera chonse, n'kukauza wometayo kuti thabwa lake ndi loipa. Zaka makumi anayi akulemba masitolo a msewu uno, lero wolakwa ndi thabwa! Ku kiliniki anati ndi kuthamanga kwa magazi, n'kuwapatsa mapiritsi. Lachinayi lapitali dzanja linayamba kugwedezeka lokha ali pa makwerero, mwayi anali asanakwere patali. Mawu nawonso nthawi zina amawathawa. Amaloza kapu n'kumaiyang'ana ngati aiona koyamba.

Tsono umve chimene chikundiopsa ine. Ukudziwa kuti chigonthereni makutuwa, ine ndi bambo ako timachezera pa pepala. Ine ndimalankhula, iwo amayankha ndi pensulo, kuseri kwa kalendala, m'mphepete mwa nyuzipepala, paliponse. Nthabwala zawo, mikangano yathu, miseche ya a nyumba yoyandikana, zonse zimadutsa m'dzanja limeneli. Tsopano akuchita manyazi ndi zilembo zokhota, ndiye amangogwedeza mutu. Sabata yonse ino andilembera mawu anayi okha. M'nyumba muli zii, mwana wanga, ndipo ndikuopa kuti zii ameneyu wabwera ndi katundu wake.

Iwe amene umaona m'mitu ya anthu, tandiuza, chimenechi n'chiyani?

Mayi ako


14 Malichi

Amayi okondedwa,

Moni. Mwatsala bwanji nokha? A nyumba yoyandikana akumakuzondani? Zikomo powakakamiza Bambo kukwera lole. A Hutala akuti njira yonse anangoti duu, kupatula pamene anadzudzula chikwangwani cha pamalo omwetsera mafuta kuti wolemba wake ndi wakuba penti.

Ndikuuzani mosabisa. Chithunzi chaonetsa chotupa kumanzere kwa ubongo, kukula kwake ngati dzira la nkhunda. Mbali ya kumanzere ndi imene imayendetsa dzanja lamanja, ndipo chotupacho chatsamira pa malo amene amathandiza munthu kulemba. N'chifukwa chake bulashi imagwa. Ndinalira m'bafa ya ku ntchito, kenaka ndinasamba m'maso n'kukawagulira nthochi.

Koma chiyembekezo chilipo. Dokotala wamkulu, mayi wa mawu ochepa amene ndagwira naye ntchito zaka zitatu, akuti chotupacho chingachotsedwe. Lachinayi likubwerali awalowetsa m'makina aja ndi thabuleti yathu kuti aone malire a malo olembera. Akawaona bwino, opaleshoni idzachitika Bambo ali maso, akulemba, kuti mpeni uzilambalala malowo. Ine sandilola kukhalapo poti ndine mwana wawo. Mnzanga wa ku ntchito ndi amene ayendetse zonse. N'zomveka, koma zikundiwawa kuti chinthu chimene ndinamanga ndi manja anga chikagwiridwa ndi bambo anga ine ndili m'khonde.

Ku wodi akukhala bwino, kungoti akukanitsitsa kugwira cholembera pamaso pa munthu. Nesi atabweretsa fomu, anabisa manja m'bulangeti n'kunena kuti, "Asaina mwana wanga, ndi wa konkuno." Dokotala wamng'ono atawapempha kuti alembe dzina pa pepala, anamuyankha kuti salemba zaulere. Wodi yonse inaseka, dokotalayo nayenso anaseka n'kuwasiya. Za m'makina zokha ndi zimene avomera, ati poti m'menemo mulibe wowaimirira paphewa.

Musadandaule za kubwera. Kunyumba kwanga kuno n'kokwera masitepe a nyumba zinayi zosanja, bondo lanu silingakhululuke. Ndikulemberani zikangotuluka.

Kawaya


26 Malichi

Kawaya,

Moni. Lachinayi lako linadutsa, Lachiwiri la a Hutala ladutsanso, iwo afika manja lendee. Ndinawasecha mpaka m'thumba la jekete. Kodi kumeneko mapepala atha? Nkhani ikakhala yabwino imathamanga, ikakhala yoipa imavala nsapato kaye, zimenezo ndimazidziwa. Koma ine si mwana, ndinakusenza miyezi isanu ndi inayi, ndingathe kusenza kalata.

Ndatumiza juzi ya bambo ako yabulawuni ija pamodzi ndi kalatayi pa basi ya m'mawa, sindidikira Lachiwiri. Akakana, uwauze kuti ndanena ine.

Mayi ako


29 Malichi

Amayi,

Moni, ndipo pepani. Ndinayamba kalata iyi katatu n'kuing'amba. Juzi avala.

Sizinayende bwino. Mnzanga uja anawagoneka m'makina, anawaikira thabuleti pamimba, n'kupita kukakhala ndi madokotala m'chipinda chowongolera, kuseri kwa zenera lalikulu lagalasi. Ankawatchulira mawu pa sipika, iwo n'kumalemba. Amayi, analemba mawu onse chobwerera. Ankayambira kumanja kupita kumanzere, chilembo chilichonse chotembenuka, monga zimaonekera ukaika pepala pa galasi loyang'anira. Osati liwu limodzi kapena awiri, onse makumi atatu. Atawafunsa kuti, "Bambo, mukuona kuti mwalemba bwino?" anayankha mosangalala kuti, "Kuposa masiku onse."

Dokotala wamkulu anandiitana ku ofesi yake n'kutseka chitseko. Akuti kulemba chobwerera kumachitika ubongo ukavulala, ndipo choipa kwambiri n'chakuti mwini wake sakuona cholakwika. Chithunzi nachonso chinatuluka chosokonekera, kunawala malo ena akutali amene sitinkawayembekezera. Iye akuona kuti chotupa chadya kale malo olembera, palibenso choti n'kupulumutsa. Munthu sungamuchite opaleshoni ali maso kuti uzitetezera zolemba zimene zasokonekera kale, sungadziwe n'komwe pamene dzanja lalakwitsa. Ndiye pa 15 Epulo adzawagonetsa tulo n'kuchotsa chotupa chonse pamodzi ndi malo ozungulira. Moyo wawo udzatalika. Kulemba sadzalembanso, ndipo mwina mawu a pakamwa adzachedwerako.

Ndinabwerera m'kachipinda kathu n'kuyesa thabuletiyo masiku awiri, waya ndi waya, ndikupemphera kuti ikhale yolakwa ndi iyo, kuti mwina ndinalumikiza zinthu mozondoka. Ilibe vuto, Amayi. Sindinadanepo ndi ntchito ya manja anga ngati sabata ino.

Bambo sindinawauze za zilembozo. Ndangowauza tsiku la opaleshoni, ndi kuti adzakhala m'tulo. Ndiwauza bwanji munthu amene msewu wonse umawerenga dzanja lake kuti walemba zozondoka osadziwa? Ndikapita ku wodi ndimangowasendera malalanje, maso ali pansi. Ndikudziwa zimene izi zikutanthauza kwa inu. Ndidzakugulirani timakina ta m'makutu tina, mwina tatsopanoti tidzakumverani chisoni kusiyana ndi tija tinkangolira ngati udzudzu.

Mwana wanu,
Kawaya


29, 30 ndi 31 Malichi

Mayi ake a Kawaya,

Ndikupereka moni. Muli bwanji? Denga la pakhonde likudonthabe? Juzi ndalandira, ndavala mokakamizidwa.

Mukhululuke zilembozi. Zikutsamira, ndikuziona. Kalata iyi ndikulembera kumapeto kwa khonde la wodi, kuseri kwa kabati ya mabulangeti, m'mawa anesi akamagawa mankhwala. Mizere isanu dzanja latopa, ndimapumula, mawa ndimapitiriza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiwapatsa a Hutala pamanja, mwana asaione, chifukwa si ntchito yoonetsa.

Ndinalowa m'makina a mwana wathu. Phokoso lake ngati kwa owotcherera zitsulo, inu mukanagona tulo tabwino. Koma kathabwa kolembapo kaja, mayi ake, mwana anakapanga bwino. N'kosalala, cholembera sichiterereka. Ndinanyada ndili chigonere.

Polowa ndinaona mmene anakonzera. Ine ndili mkati, pakati pali galasi lalikulu, owerenga akhala kunja kwake akuyang'ana kuno. Ndinati, aa, iyi ndiye ntchito yanga yeniyeni, ngati zenera la sitolo ya mankhwala lija kapena la wogulitsa nsapato. Umaima mkati n'kulemba chobwerera kuti wodutsa panja awerenge bwino, pentinso isakokoloke ndi mvula. Palibe anandiuza, koma mmisiri sauzidwa zonse. Ndinawalembera mawu onse makumi atatu moti asavutike kupotoza khosi. Ndipo mukudziwa, kulemba kwa pagalasi kumafuna kudekha, chilembo umachita kuchimanga pang'onopang'ono, ndiye dzanja silinanjenjemere. Zinatuluka zowongoka ngati kale. Atandifunsa ngati ndalemba bwino, ndinawauza zoona.

Chondidabwitsa n'chakuti palibe ananena kanthu. Poyamba ankati ndidzakhala maso n'kumalemba, tsopano akuti ndidzagona. Kawaya sandiyang'ananso m'maso, amangosenda malalanje ngati walembedwa ntchito imeneyo. Ndikuganiza kuti ndinamuchititsa manyazi kwa akuluakulu ake. Mwina chifukwa cha nthabwala ija ya zaulere, kapena malaya anga, kaya. Mwana akakwera, bambo wa penti m'zikhadabo amalemera kumuonetsa. Sindimufunsa, ali ndi zambiri m'mutu.

Kuno anthu amamva ndikalankhula, koma palibe woti ndimuuze kanthu. Ndakusowani.

Ndine mwamuna wanu


9 Epulo

Iwe Kawaya,

Moni ndikupatsa ukamaliza kuwerenga. Lole ya a Hutala inafera panjira sabata yathunthu, makalata awiri ali m'bokosi la kutsogolo, yako ndi ina. Afika nawo lero masana. Ndinayamba kuwerenga yako, ndinalira mpaka a nyumba yoyandikana anabwera. Kenaka ndinatsegula inayo. Mayo ine! Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndiphwanye mbale.

Ndinathamangira foni. Kawiri inangoitana, akuti kumaginito kwanuko mafoni salowa. Kachitatu unayankha, ine n'kukuwa kuti bambo ako sanalakwitse, amalemba choncho pagalasi. Zimene unayankha sindinamve, koma mayi wa nyumba yoyandikana amene anandigwirira foni akuti unati, "Amayi, ndikudziwa kuti n'zowawa kuvomereza." Kuvomereza chiyani? Ndiye ndasiya za foni. Iyi ndikupatsa kondakitala wa basi ya m'mawa, ndipo ndamuuza kuti akaitaya asadzadutsenso msewu uno.

Tsegula pepala limene ndapindira mkatimu. Ndi kalata ya bambo ako. Ona tsiku lake, analemba patatha masiku asanu ndi anayi chichokereni m'makina anuwo. Ikuyambira kumanzere kupita kumanja ngati ya munthu aliyense. Ikutsamira, inde, koma palibe chilembo chozondoka ngakhale chimodzi. Imeneyo ndi ntchito ya malo amene akuti anafa kale?

Iwe mwana iwe, sukumbukira? Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri unkaima m'sitolo ya mankhwala utagwira chitini cha penti, bambo ako akulemba pazenera, iwe n'kumathamangira panja kukawerenga n'kubwera kudzawauza kuti zatheka. Munthuyo mwamuika kuseri kwa galasi, owerenga mwakhala mbali inayo, mumati atani? Anakuchitirani ulemu, inu n'kuuyesa matenda. Anthu ophunzira chipinda chonse, palibe mmodzi woti n'kufunsa kuti, "Bambo, mwalemberanji chonchi?" Safunsa anadya phula, koma apa phulalo mukufuna adye mwamuna wanga.

Iwenso unalakwa kuwabisira, iwonso analakwa kukubisira. Kunyada kwanu n'kumodzi, mumangosiyana msinkhu. Akuganiza kuti ukuchita nawo manyazi, ukudziwa zimenezo?

Pita nayo kalatayo kwa dokotala wako wa mawu ochepayo lero lomwe. Akakhala pa msonkhano, gogoda. Dzanja limenelo ndi khutu langa lotsala.

Tsopano moni. Udye.

Mayi ako


21 Epulo

Amayi okondedwa,

Moni. Muli bwanji? Ndiyambe ndi chachikulu: Bambo ali moyo, akudya, akulemba.

Kondakitala anandipeza Lachisanu pa geti. Ndinawerenga makalata onse awiri nditaimirira pomwepo. Chitini cha penti chija ndinachikumbuka mpaka fungo lake. Masiku awiri aja ndinafufuza waya aliyense wa thabuleti, osaganizako zofufuza bambo anga.

Dokotala wamkulu ndinamupeza akusamba m'manja. Anapukuta manja n'kuwerenga kalata ya Bambo. Kenaka anatenga pepala limene tinasindikizapo mawu makumi atatu aja, analitembenuza, n'kuliika pa zenera kuti dzuwa liwale kuseri kwake. Amayi, mukanaona. Mawu onse anaima chilili, mipata yofanana, ngati osindikizidwa ndi makina. Anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Munthu wovulala ubongo salemba chonchi." Malo akutali aja amene anawala, akuti ndi amene munthu amagwiritsa ntchito potembenuza chinthu m'maganizo.

Tinapita limodzi ku wodi. Iye anakhala pa mpando n'kupepesa, kenaka anafunsa funso lanu lija. Bambo anamuyang'ana modabwa n'kuti, "Nanga mukanawerenga bwanji?" Dokotala atatuluka ndinawauza zonse, za malalanje zomwe. Iwo anati, "Ndiye sikuti ndi malaya?" Tinaseka mpaka nesi anadzasuzumira, kusekako kunathera m'misozi.

Lolemba anawayesanso, titawauza kuti owerenga ali mbali yawo yomweyo. Malo olembera anawala bwinobwino, amoyo, koma ataphatikana ndi chotupa. Opaleshoni inachitika Lachinayi, ali maso. Ine ndinali m'khonde. Zotsatirazi wandiuza mnzanga amene anawagwirira thabuleti, ndipo mizere yake ndaiona ndekha pa kompyuta.

Analemba maola awiri, mutu utamangidwa, nsalu itatchinga. Dokotala ankakhudza malo, dzanja likapitiriza, ankadula. Chotupa chinatsala pang'ono kutha. Kenaka anakhudza pena, cholembera chinaima pakati pa liwu. Atachotsa kamagetsi, chinapitiriza. Anayesa katatu, katatu konse chinaima. Pamenepo panali patatsala kachidutswa ka chotupa ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, katalowerera m'malo olembera enieniwo.

Anali atakambirana kale za zimenezi, koma dokotala anafunsanso. Anati, "Bambo, ndikachotsa apa, chotupa chatha chonse, koma simudzalembanso. Ndikasiya, mudzalemba, koma kotsalako kangadzakulenso." Bambo sanayankhe ndi pakamwa. Analemba pa thabuleti liwu limodzi, mwa zilembo zazikulu: SIYANI.

Ndiye anasiya, Amayi. Akachira bala, adzayamba kukaotcha kachidutswako ndi makina kwa masabata asanu ndi limodzi. Ndinamupanikiza dokotala kuti andiuze zaka. Akuti akanachotsa chonse, mwina makumi awiri. Mmene zililimu, mwina khumi, mwina zitatu, palibe akudziwa. Mwandiphunzitsa kuti kubisa n'koipa, n'chifukwa chake ndalemba zonse.

Ku ntchito tawonjezera funso loyamba pa fomu yathu. Tisanamupatse munthu cholembera, tizimufunsa ntchito imene manja ake akhala akugwira, ndipo azitionetsa.

Mwana wanu,
Kawaya


27 Epulo

Bambo ake a Kawaya,

Moni. Mutu ukupweteka? Akukupatsani chakudya chokwanira?

Mwana wandiuza zonse. Ndinayamba ndavina ndekha pabalaza ndi bondo langali, kenaka ndinafika pa mzere wa zaka n'kukhala pansi. Walira mvula walira matope, ndikudziwa, koma matope awa andifika m'khosi. Ndikanapanda kutumiza kalata ija, akanakugonetsani, akanachotsa chonse, mukanabwera ndi zaka makumi awiri m'thumba. Ndinakuwa kuti dzanja lanu ndi khutu langa. Ndinkaganiza za ine. Kodi ndakuberani moyo kuti ndizipeza wocheza naye?

Inunso, munthu wamkulu, mutu uli pululu, mungasankhe pensulo? Ndakwiya nanu, ndakwiya ndi ine, ndipo ndikufuna mubwere.

Mkazi wanu


5 Meyi

Mayi ake a Kawaya,

Ndikupereka moni. Muli bwanji? Mutu uli bwino, andimeta mbali imodzi ngati ntchito ya wophunzira. Kalata iyi ndikulembera patebulo la mwana wathu, iye ali pomwepa akuona, sindikubisanso.

Mwalakwitsa pawiri. Choyamba, simunandibere kanthu. Pa 15 paja akanandidula ndili m'tulo, wosafunsidwa, ngati thabwa. Kalata yanu inachititsa kuti andifunse. Kuyankha ndinayankha ndekha, ndipo mlandu umenewo musandilande, ndi wanga.

Chachiwiri, sindinasankhe zikwangwani. Pa makwerero sindidzakweranso, ndipo masitolo masiku ano amasindikiza ku makina. Ndili chigonere pamenepo ndinaona ine ndi inu pabalaza zaka makumi awiri, inu mukulankhula, ine ndikugwedeza mutu. Miyezi inayi ija ndinailawa, inandikwana. Mukuti munkaganiza za inu nokha. Nanga ine ndikanacheza ndi yani?

Mwana wapita kukatenga madzi, ndiye ndilembe msanga. Ndili ndi mantha, mayi ake. Kachidutswa kaja ndimakaganiza ndikamadya, ndikamasamba, dzanja likangochedwa pang'ono ndimati kayamba kukula. Dokotala sindinamuuze. Kawaya sindinamuuze, amandiona ngati munthu wolimba, musiyeni azitero. Mawu otere munthu sakuwa nawo m'khutu la mnzake, ndipo salozeka ndi chala. Akanandilanda dzanjali, mantha akanabwerabe, a ukalamba, a imfa, ndipo ndikanawasenza ndekha inu muli pampando woyandikana.

Tsopano mwawerenga. Mundisungireko theka la manthawa mpaka ndifike.

Ndine mwamuna wanu